Chithunzi chakale cha mbalame cholembedwa "J. Gould & H.C. Richter": n'chenicheni kapena n'chokopera?

Namzeze:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za zithunzi zakale za mbalame, zija ankazipaka utoto ndi manja.

M'katundu wa malemu amalume anga tapezamo chithunzi chimodzi chili m'felemu yakale, kumbuyo atatsekako ndi katoni ndi timisomali tadzimbiri. Pajambulidwa timbalame titatu ta milomo yaitali yosongoka, tiwiri tikuuluka, kamodzi katatera pa nthambi ya maluwa ofiirira. Poyamba ndinkati ndi choso, koma nditafufuza dzina la Chilatini lolembedwa m'munsi mwake ndapeza kuti ndi mtundu wina wa hummingbird, timbalame topezeka ku America kokha. Pepalalo ndi lalikulu, ndaliyeza likukwana masentimita 55 m'litali ndi 37 m'lifupi. M'munsi kumanzere palembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono kuti "J. Gould & H.C. Richter, del. et lith.", kumanja palembedwa "Hullmandel & Walton, Imp."

Chandisokoneza n'chakuti mnzanga wina wandiuza kuti chithunzi chakale chenicheni chimakhala ndi mzere wolowa m'kati kuzungulira m'mbali monse, woti ukapapasa ndi chala umaumva. Changachi chilibe, pepala lonse ndi losalala. Chachiwiri, pakhosi pa timbalame tiwiri pakunyezimira kwambiri ndikachipendeketsa, mpaka ndikukayikira kuti wina anadzapakapo zake pambuyo pake. Chachitatu, m'mbali muli timadontho tofiirira, kwina tambirimbiri.

Sindikufuna kuchigulitsa. Amalume ankachikonda, nane ndachikonda. Ndikungofuna kudziwa ngati n'chakale zoona, anachipanga ndani, ndipo ndichisunge bwanji kuti chisapitirire kuwonongeka.

Kadzidzi:

A Namzeze, musataye mtima ndi nkhani ya mzereyo. Mnzanuyo wanena zoona, koma za zithunzi za mtundu wina.

Kale kunali njira ziwiri zikuluzikulu zosindikizira zithunzi za mbalame. Yoyamba ndi ya chitsulo cha kopa. Ankazokota chithunzi pa chitsulocho, kapena kuchidyetsa ndi asidi, n'kupaka inki m'timizere tozokotedwato, n'kupukuta pamwamba, kenako n'kuikapo pepala lonyowa n'kupanikiza mwamphamvu ndi makina. Mphepete mwa chitsulocho ndi mmene munkasiya mzere wolowa uja. Zithunzi za Mark Catesby, amene anajambula mbalame za ku Carolina ndi ku Bahamas n'kuyamba kuzitulutsa cha m'ma 1730, n'zotero. Za George Edwards, za Alexander Wilson, ndi zikuluzikulu zija za John James Audubon, wojambula mbalame za ku America, n'chimodzimodzi. Zimenezo mukaziona zilibe mzere, mwina m'mbali munadulidwa, apo ayi n'zokayikitsa.

John Gould sanagwiritse ntchito njira imeneyo m'mabuku ake akuluakulu. Iye anatenga njira ya mwala, imene Alois Senefelder anaitulukira ku Munich chakumapeto kwa zaka za m'ma 1790. Wojambula amajambula ndi choko chamafuta pa mwala wosalala wa laimu. Akatero amanyowetsa mwalawo. Madzi amakhala pamene palibe mafuta, inki nayo, poti ndi yamafuta, imangogwira pamene pali choko. Palibe chozokota, ndiye palibenso mphepete yolowa m'pepala ngati ya kopa ija. Choncho kusalala kwa pepala lanu n'koyenera. Ine ndikanayamba kukayikira mukanati chithunzi cha Gould chili ndi mzere wozama bwino, chifukwa osindikiza ena a masiku ano amachita kudinda mzere wabodza kuti chinthu chioneke chakale.

Mawu a m'munsiwo ndi achidule a Chilatini. "Del." akutanthauza amene anajambula, "lith." amene anaika pa mwala, "imp." amene anasindikiza. Charles Hullmandel anali katswiri wosindikiza ndi mwala ku London, anamwalira mu 1850 koma kampani inapitirira ndi dzina la Hullmandel & Walton. Kukula kwa pepala ndi mawuwo zikugwirizana ndi buku la Gould la timbalame timeneti, A Monograph of the Trochilidae, limene linatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1849 mpaka 1861, mavoliyumu 5, zithunzi 360.

Komabe mawu okha sangakutsimikizireni, chifukwa wokopera amakopera ndi mawu omwe. Chotsani chithunzicho m'felemu mosamala, manja ali osamba ndi ouma, muchigoneke pa tebulo loyera. Pezani galasi lokulitsa zinthu kakhumi, kapena gwiritsani ntchito kamera ya foni moyandikitsa kwambiri. Yang'anani pa tsamba lobiriwira kapena pa duwa. Mukaona timadontho tabuluu, tofiira, tachikasu ndi takuda tondandalikana m'mizere yolongosoka, ndiye kuti n'chosindikizidwa ndi makina amakono, nkhani yathera pomwepo. Mukaona timadontho tamitundumitundu tomwazikana paliponse, ngakhale pamalo ooneka oyera, ameneyo ndi printa ya kompyuta. Pa chenicheni mupeza zinthu ziwiri zosanjikizana. Pansi pali timibulu takuda kapena totuwa tosalongosoka, tochokera ku choko pa mwala. Pamwamba pake pali utoto wamadzi woyenda mosadukiza, wopanda kadontho ngakhale kamodzi. Mukatsata mphepete mwa tsamba muona pena utoto wadumpha mzere pang'ono, pena sunafike, pena wada pang'ono pamene madzi anaima n'kuuma. Pamenepo ndi pamene burashi inadutsa m'dzanja la munthu.

Kunyezimira kwa pakhosiko ndi kumene kwandisangalatsa kwambiri pa zonse mwanenazi. Vuto la timbalame timeneti n'lakuti nthenga zake zimasintha mtundu malinga ndi mmene kuwala kwagwera, ndipo utoto wamba sungathe kuonetsa zimenezo. Gould ndi anthu ake ankamata golide wopyapyala kwambiri pamalo ngati pakhosi ndi pamutu, kenako n'kupaka pamwamba pake utoto woonekera m'kati ndi vanishi, kuti kuwala kulowe, kugunde golide, kubwerere kudzera mu utotowo. Mukachipendeketsa pafupi ndi windo, pakhosipo payenera kuyaka n'kuzima. Muonanso malo ena, monga m'maso ndi pa nthenga zakuda, akuwala pang'ono ngati pamene padutsa nkhono. Umenewo ndi utomoni wa mitengo ya mthethe umene amautcha gum arabic, ankaupaka kuti mtundu uzame. Makina okopera satha kubereka zinthu ziwirizi, amangotulutsa chithunzi cha kuwalako, chosasintha ngakhale muchitembenuze bwanji.

Yang'ananinso kumbuyo. Kuyenera kukhala kopanda zolemba, pepala lokhuthala bwino. Mbali imodzi yaitali mwina mupezako timabowo ta ulusi kapena zotsalira za guluu, chizindikiro chakuti linali tsamba la buku. Ngati mungapeze tochi ya kuwala kwa UV, ija amayesera ndalama zachinyengo, unikani pepalalo mumdima. Mapepala ambiri opangidwa kuyambira m'ma 1950 amawala mwabuluu chifukwa cha mankhwala oyeretsera, lakale siliwala choncho.

Kachinthu kamodzi koti mudziwiretu: Gould atamwalira mu 1881, ogulitsa mabuku a Henry Sotheran ku London anagula katundu wake yense wotsala, kuphatikizapo mapepala osindikizidwa koma osapakidwa utoto. Ena mwa amenewo anapakidwa pambuyo pake. Choncho pepala likhoza kukhala lenileni koma utoto wake n'kukhala wa nthawi ina. Kusiyanitsa zimenezo kumafuna munthu woti waligwira pepalalo ndi manja ake, pa intaneti sitingathe.

Mukayang'ana mutiuze zimene mwaona.

Nkhwali:

Bambo Kadzidzi afotokoza bwino za mwala ndi golide. Ine ndiyankhe funso lija lakuti anachipanga ndani, chifukwa limandikhudza.

Dzina loyamba pa pepalapo ndi la Gould, koma dzanja limene linamaliza chithunzicho si lake. Gould anali mwana wa munthu wosamalira maluwa, anaphunzira kuumika mbalame, ndipo mu 1827 analembedwa ntchito imeneyo ku Zoological Society of London. Mbalame ankazidziwa zedi. Ndi iye amene mu 1837 anayang'ana timbalame timene Charles Darwin anabwera nato kuchokera ku Galápagos n'kuzindikira kuti ndi ta gulu limodzi ngakhale milomo inali yosiyana. Analinso munthu wodziwa malonda. Koma pa zojambula, iye ankangolemba mwachangu kaimidwe ka mbalame ndi malangizo a mitundu, ena n'kumaliza.

Woyamba kumaliza anali mkazi wake, Elizabeth. Anaphunzira kujambula pa mwala ali m'banja, ndipo zithunzi 80 za buku loyamba la mwamuna wake, la mbalame za ku mapiri a Himalaya, anaziika pa mwala ndi iye. Mu 1838 anapita limodzi ku Australia, atasiya ana atatu aang'ono m'manja mwa mayi ake ku England. Ku Hobart anabereka mwana wina, uku akujambula mbalame ndi zomera tsiku ndi tsiku. Anabwerera mu 1840, ndipo mu 1841 anamwalira atangobereka mwana wachisanu ndi chitatu, ali ndi zaka 37. Anasiya zithunzi zoposa 600. Henry Constantine Richter, wa dzina lachiwiri pa pepala lanulo, analowa ntchito chifukwa cha imfa imeneyo. Zithunzi zambiri za The Birds of Australia anazimaliza potsatira zimene Elizabeth anajambula kumeneko, koma m'munsi mwake mumapezeka dzina la Gould ndi la Richter. Gould anatcha kambalame kena kokongola ka ku Australia dzina la mkazi wakeyo, kamene pa Chingelezi amati Gouldian finch, koma ambiri akamva dzinali amaganiza za mwamunayo.

Panalinso Edward Lear, amene anayamba buku lake la zinkhwe mu 1830 ali ndi zaka 18 zokha, akujambula mbalame zamoyo kumalo osungira nyama ku London. Ndalama zitamuthera anasiyira pa zithunzi 42, n'kuyamba kugwirira ntchito Gould. Akadzidzi ndi mbalame zina zikuluzikulu za m'buku la Gould la mbalame za ku Ulaya n'zake, ndipo pali zithunzi zina zimene siginecha ya Lear ikuoneka m'kati mwa chojambulacho pamene m'munsi mwalembedwa dzina la a Gould.

Koma amene ndimawaganizira kwambiri ndi opaka utoto. Mwala umatulutsa chithunzi chakuda basi. Mtundu uliwonse umene mukuuona pa pepala lanulo unapakidwa ndi munthu, pepala limodzilimodzi. Wojambula ankapaka limodzi lachitsanzo, opaka utoto n'kumayang'anira pamenepo. Ntchito ya mtundu umenewu nthawi zambiri inkagwiridwa ndi mabanja athunthu, amayi ndi ana omwe, pa malipiro ochepa. Gould anatchula Gabriel Bayfield, amene ankayang'anira ntchitoyi kwa zaka zambiri, koma anthu amene ankakhala pa tebulo ndi Bayfield mayina awo sanalembedwe pa zithunzizo. M'mawu oyamba a The Birds of Great Britain, Gould mwiniwake ananena kuti buku limenelo lokha linafuna zithunzi pafupifupi 280,000 zopakidwa ndi manja, nthenga iliyonse ndi thambo lomwe. Taganizani maso a anthu amenewo, m'nyengo yozizira ya ku London dzuwa likumalowa msanga, magetsi kulibe.

Ndiye a Namzeze, mukapeza pamene utoto wadumpha mzere, musapaone ngati chilema. Munthu amene anapaka pamenepo sanasiye dzina, anasiya kachizindikiro kameneko.

Khwangwala:

Zithunzizi n'zokongola, sindikutsutsa. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimandilemera ndikamaziyang'ana, ndipo ndikuona kuti n'koyenera kuzitchula.

Choyamba, mbalame zili pa pepala lanulo zinali zakufa pamene ankazijambula. Gould anayamba kutulutsa bukulo mu 1849, ndipo mu 1851 anaonetsa timbalame take toumika ku Regent's Park ku London anthu n'kumalipira kuti aone, koma hummingbird yamoyo anaiona koyamba mu 1857, ku Philadelphia. Zaka zonsezo ankagwira ntchito ndi zikopa zotumizidwa kuchokera ku South America. Anthu amene ankasaka timbalameto m'nkhalango za kumeneko, amene ankadziwa kumene timadya ndi kumene timaikira, satchulidwa kawirikawiri. Ndipo m'zaka zomwezo ndi zotsatira, zikopa zambirimbiri za timbalame timeneti zinkapita ku London ndi ku Paris kukakongoletsa zipewa za amayi. Audubon naye ankawombera mbalame, n'kuzibaya ndi mawaya pa thabwa kuti ziime ngati zamoyo, n'kujambula msangamsanga mitundu isanazilale. Munthu yemweyo anali ndi akapolo ndipo ankatsutsa anthu ofuna kuthetsa ukapolo. François Levaillant, amene anayenda kumwera kwa Africa m'ma 1780, anatchako mbalame ina dzina la Klaas, Mkhoikhoi amene ankayenda naye, koma m'mabuku ake a mbalame za ku Africa anaikamo zina zosakhala za ku Africa, ndi zina zoti kulibeko n'komwe.

Chachiwiri, pepala lanulo linali tsamba la buku. Pafupi nalo panali tsamba lina lofotokoza za mbalameyo. Ogulitsa anazindikira kalekale kuti buku ukalithyola n'kugulitsa tsamba lililonse palokha umapeza zambiri kuposa kuligulitsa lathunthu. Aliyense wogula tsamba limodzi akulimbikitsa mpeni umenewo. Sindikunena inu a Namzeze, inu mwachita kusiyiridwa. Koma amene akuwerenga pano n'kumaganiza zokagula, aganizirepo.

Namzeze:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo Kadzidzi, ndachita zimene munanena. Timadontho tolongosoka palibe. Pa masamba pali timibulu totuwa pansi, utoto wobiriwira pamwamba, ndipo pa duwa limodzi utoto wofiira watuluka kunja kwa mzere pang'ono. Pakhosi pakuyaka n'kuzima ndithu, kuchoka kobiriwira kupita kwa golide, ndipo pakona pena pamene utoto wakanganuka pang'ono pakuoneka chachikasu chonyezimira pansi pake. Kumanzere kwa pepala kuli timabowo ting'onoting'ono tondandalikana. Mayi Nkhwali, ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana pa duwa lija mutandiuza za opaka utoto. Achimwene a Khwangwala, zimene mwanenazo ndazimva, ndipo sindinkadziwa kuti Gould anali asanaonepo kamoyo.

Koma ndapeza zina zondidetsa nkhawa. Kumbuyo kwa pepala kwachita bulauni, makamaka pamene linkagundana ndi katoni. M'makona apamwamba analimata ndi selotepi, yauma n'kusiya mabanga achikasu. Mbali imene inabisika ndi felemu ndi yoyera kuposa pakati. Kodi ndingapukute timadontho tija ndi chofufutira, kapena ndi kansalu konyowa pang'ono? Selotepiyo ndiimatule?

Kadzidzi:

A Namzeze, malinga ndi zimene mwafotokozazi, zikuoneka kuti muli ndi tsamba lenileni la bukulo. Tsono chonde, madzi asayandikire. Utoto wamadzi ndi utomoni uja zimasungunuka, kansalu konyowa kangakuchotsereni m'kamphindi chinthu chimene chakhala zaka zoposa 160. Chofufutira nachonso ayi. Timadontho tofiirirato sitili pamwamba, tili m'kati mwa pepala. Timabwera chifukwa cha chinyezi, chimene chimadzutsa chuku kapena kuchititsa dzimbiri tizitsulo tosaoneka totsalira m'pepala. Mukafufuta mungopala pepala, dontho likhala pomwepo. Jiki ndi mankhwala ena oyeretsera musawaganizire n'komwe, amadya pepala ndi utoto womwe. Akatswiri okonza mapepala akale, amene amapezeka m'nyumba zosungira zinthu zakale ndi m'malaibulale akuluakulu, amatha kuchepetsa madonthowo, koma iwonso akaona golide ndi vanishi amayenda mosamala kwambiri, nthawi zina amangosiya. Pepala likakhala pouma madonthowo sachuluka, ndipo chimenecho ndi chimene inu mungachite.

Selotepiyo ngati yagwa yokha, itayeni. Ngati ikadagwira, isiyeni, musakoke, imachoka ndi khungu la pepala. Pakhosi pamene utoto wayamba kukanganuka musakhudzepo, ndipo musalipinde pepalalo kapena kulikulunga. Polinyamula muziliika pa chinthu cholimba chafulati.

Mdani wamkulu pa zonse mwatchulazi ndi katoni ija. Makatoni wamba ndi matabwa amatulutsa asidi amene amalowa m'pepala pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kumbuyo kwachita bulauni. Isabwererenso. Pitani kwa wopanga mafelemu wodziwa ntchito yake, mumuuze kuti mukufuna bolodi lopanda asidi, lopangidwa ndi thonje ngati lilipo, kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Lakutsogololo limabooledwa windo, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kuletsa chithunzi kugunda galasi. Chikagunda, chinyezi chimatha kumata utomoni uja ku galasi, tsiku lotsegula khosi la mbalame n'kutsalira pa galasipo. Chithunzi chigwiridwe m'mphepete mwa pamwamba pokha ndi timapepala topyapyala ta ku Japan tomata ndi phala la sitachi ya tirigu, kapena ndi timatumba ta m'makona tosamata pepalalo. Asachimate chonse pa bolodi, ndipo asadule m'mbali ngakhale pang'ono kuti chikwane m'felemu. Timabowo ta ulusi tija tikhale, ndi umboni wa kumene chinachokera. Felemu ipangidwe motsatira pepala.

Kusiyana kwa mtundu pakati ndi m'mbali kukusonyeza kuti kuwala kwagwira kale ntchito yake, ndipo zimenezo sizibwerera. Utoto wofiira wina wa nthawi imeneyo, wochokera ku tizilombo totchedwa cochineal, umazilala msanga, chimodzimodzi wachikasu wina wochokera ku utomoni. Wachikasu ukathawa, masamba obiriwira amayamba kuoneka abuluu. Ikani galasi lotchinga UV, koma musalidalire kwambiri, kuwala wamba nakonso kumazilalitsa. Khoma likhale la m'kati mwa nyumba, losafikidwa ndi dzuwa, kutali ndi kukhitchini ndi kubafa. Osunga zinthu zakale amaonetsa zithunzi zotere pa kuwala kochepa kwambiri, pafupifupi ma lux 50 (lux ndi muyeso wa kuwala), kwa miyezi yochepa, kenako n'kuzibweza mumdima. Panyumba simungatsatire zonsezo, koma mukhoza kumachipachika nyengo ina, nyengo ina n'kuchigoneka m'bokosi lopanda asidi.

Kwa achimwene a Khwangwala, za mpeni ndikugwirizana nanu kotheratu. Buku la Audubon lili ndi zithunzi 435, linatuluka kuyambira 1827 mpaka 1838, ndipo athunthu otsala ndi pafupifupi 120. Limodzi linagulitsidwa ku London mu 2010 pa mapaundi oposa 7 miliyoni. Ndalama zoterozo zimateteza athunthu otchuka, koma mabuku ang'onoang'ono, ngati a F.O. Morris a mbalame za ku Britain, amathyoledwa popanda wodandaula. Ine ndimagula tsamba pokhapokha likuoneka kuti linachoka kale m'buku lowonongeka. Za kupha mbalame, ndi zoona, ndipo siziyenera kubisidwa. Ndingowonjezera kuti nthawi imeneyo kunalibe kamera yotha kugwira mbalame ikuuluka, ndipo zikopa zambiri zija zikadali m'nyumba zosungira zinthu zakale, akatswiri akuzigwiritsabe ntchito. Mbalame zina zimene Catesby ndi Audubon anajambula kulibenso. Njiwa ija inkauluka m'magulu ophimba dzuwa ku North America, yomaliza inafera kumalo osungira nyama ku Cincinnati mu 1914, ndipo chinkhwe cha ku Carolina chomaliza chosungidwa chinafera komweko mu 1918. Sizinathe chifukwa cha ojambula, zinatha chifukwa cha kusaka kwa malonda ndi kugwetsa nkhalango, koma mitundu ya nthenga zake zili zatsopano timaionera pa mapepala amenewa.

Nkhwali:

A Namzeze, tsamba lofotokoza limene a Khwangwala akunena mukhoza kuliwerenga ndithu. Mabuku a Gould anajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti kwaulere, pa Biodiversity Heritage Library. Fufuzani dzina la bukulo, kenako dzina la Chilatini lili pa pepala lanulo. Dziwani kuti mayina ambiri a mbalamezi anasinthidwa kuchokera nthawi ya Gould, ndiye gwiritsani ntchito lakalelo monga lalembedwera. Mupeza zimene Gould analemba za kumene mbalameyo inapezeka, amene anamutumizira chikopa, ndipo kawirikawiri amatchulanso dzina la duwa limene lili pa chithunzicho, ndi kuti yaimuna ndi iti, yaikazi ndi iti. Nthawi zambiri yaikazi ndi imene ilibe khosi lonyezimira, mwina ndi kachitatu kanu kaja.

Mukapeza, ikani chithunzi cha pa kompyutacho pambali pa chanu. Mizere yakuda ifanana ndendende, chifukwa mwala unali umodzi. Yerekezani utoto: kuzama kwa kufiira kwa maluwa, pamene kubiriwira kwathera pa tsinde, ngati kumbuyo kuli thambo lopakidwa pang'ono kapena ayi. Kusiyana pang'ono n'kwabwinobwino. Kukakhala kwakukulu, mwachitsanzo duwa lofiira kwanu koma loyera kumeneko, ndiye funso lija a Kadzidzi anatchula la utoto wopakidwa pambuyo pake liyenera kufunsidwa kwa katswiri. Musindikizenso tsamba lofotokozalo, mulembepo ndi pensulo dzina la amalume ndi chaka chimene mwachilandira, muliike m'envelopu kunja kwa bolodi lakumbuyo, osati m'kati mogundana ndi chithunzi.